Malaya Osabooka

Mlonda wa tchalitchi anapeza mtembowo Loweruka, itangokwana folo koloko, m'kachipinda kosungiramo mipando. Womwalirayo anali mkulu wa mpingo. Anagona chagada, maso otseka, malaya omangidwa mabatani mpaka m'khosi, tayi ali m'malo mwake.

Inspekita wa polisi anagwada n'kumasula mabataniwo. Bala linali limodzi, pamtima. Malayawo anali atanyowa magazi, koma sanabooke paliponse.

Mlondayo sanachedwe kuulula. Loweruka lililonse mkuluyo ankadzitsekera mmenemo ndi mayi wina wa kwaya, mkazi wa wogulitsa nyama. Tsikulo mayiyo anatuluka yekha cha m'ma thuu koloko.

Inspekita anamutengera wogulitsa nyamayo kupolisi.

"Unkadziwa?"

"Ndani sankadziwa, bwana? Ngakhale mipando ija ikudziwa."

"Mipeni uli nayo yambiri."

"Ndili nayo. Koma ndikanamupha ine, ndikanamusiya mmene ndinamupezera, mpingo wonse udzaone m'busa wa nkhosa za eni."

Inspekita anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anamuuza kuti azipita.

Lamlungu m'mawa Inspekita anafika kunyumba kwa malemu. Mkazi wamasiye anali m'chipinda, akusita suti yoti amuna ake aikidwe nayo.

"Mayi, maluwa a kutchalitchi amakonza ndani?"

"Ndine. Loweruka lililonse m'mawa. Dzulo ndinachedwa."

"Sizasi yanu yodulira maluwa ili kuti?"

Mayiyo anatembenuza mkono wa jekete n'kupitiriza kusita.

"Anabayidwa asanavale malaya," anatero Inspekita. "Wina anawaveka pambuyo pake. Mdani sachita zimenezo."

Mayiyo anaimika simbi.

"Ndinawafunsapo kamodzi za mkazi wa kwaya uja. Anati nsanje ndi chiwanda. Anandiimiritsa pamaso pa amayi anzanga kuti ndilape, ndipo ndinalapa. Ndinasala kudya, ndikupempha Mulungu andichotsere maganizo oipa. Dzulo ndinamuona akutuluka m'kachipinda kaja, akukonza duku. Nditalowa ndinawapeza abambo ali chifuwa pamtunda. Sanadzidzimuke. Anangoti, 'Mayi, chiwanda chija chabweranso. Gwadani tipemphere.' Sizasi inali m'manja mwanga."

"Nanga munawavekeranji?"

"Ndi mkulu wa mpingo. Ana a kwaya akanawapeza choncho?"

Anazimitsa simbi, n'kupachika sutiyo kuseri kwa chitseko. Anatenga Baibulo lake patebulo, kenako analibwezera pomwepo.

Ali pakhomo anafunsa, "Tayi uja ndinamanga bwino? Sindinayang'anenso."

"Munamanga bwino, mayi."

Anagwedeza mutu n'kutsogola kupita kugalimoto ya apolisi.