Fayilo Imodzi Usiku Uliwonse

Zinayamba Lachiwiri m'mawa, m'nyengo ya chipale, m'tauni ya Kajaani mudakali mdima ngakhale nthawi inali itakwana kale naini koloko. A Sirkka anayatsa kompyuta ya pabalaza kuti amve mawu a mwana wawo Ilkka, monga ankachitira tsiku lililonse asanamwe khofi. Ilkka anamira m'nyanja zaka zisanu zapitazo, ndipo mawu ake anatsala m'timauthenga khumi ndi tiwiri tosungidwa m'kompyutamo. Tsiku limenelo pulogalamu yomvetsera inakana kutseguka. Pagalasi panangolembeka kuti fayilo ina yofunika sikupezeka.

Amuna awo, a Reijo, anayang'anira makompyuta a fakitale ya mapepala kwa zaka makumi atatu, nthawi zambiri usiku. Anavala magalasi, naseka.

"Ndi kafayilo kobwerekana aka, Sirkka. Mapulogalamu ambiri amadalira komweka, ngati chipinda chochapira cha tonse a m'nyumba yosanja ino. Mmodzi akataya kiyi, tonse tivala zakuda."

"Nanga wataya ndani?"

"Si iweyo, ndi zala zako zokandira mabanzizo?"

Anakabwezeretsa, ndipo Ilkka anayankhulanso: Amayi, ndafika bwino, musadandaule.

Lachitatu inasowa fayilo ina. Lachinayi inanso. A Reijo anasiya kuseka. Anati timatabwa ta memole, timene makina amasungamo zimene akugwira, tayamba kufa, ndipo madzulo anasiya kompyuta ikudziyeza yokha kuti ichezere nazo usiku wonse. Galasi linali la buluu, manambala akuyenda pang'onopang'ono. Kutacha anapeza kuyezako kwaimitsidwa, mpando uli pambali, fayilo yachinayi kulibe.

Pamasitepe, a Helvi a m'nyumba ya pansi anagwira a Sirkka pamkono.

"Sindifuna kukuopsani," ananong'ona, "koma ikamakwana fili koloko ndimamva mpando ukukhwekhwerezeka kwanuko. Kenako tik, tik, tik, ngati mpopi wodontha. Ena akuti ndi mnyamata wanu uja, akudzatenga zake."

Loweruka madzulo inali nthawi ya a Reijo ku sauna, bafa ya nthunzi ya nyumba yonse. Atangotsika ndi tawulo, a Sirkka anagogoda kwa Marjut wa khomo loyang'anana ndi lawo, amene amakonza makompyuta. Marjut anavula nsapato, nakhala, nawerenga za pagalasi kwa nthawi yaitali.

"Memole ilibe vuto. Mafayilowa sakusowa okha, alipo amene akuwafufuta. Onani, makinawa amasunga zonse zimene munthu walemba, ndi nthawi yake yomwe. Fili koloko. Ndipo ndi munthu wodziwa ntchito, salakwitsa ngakhale chilembo chimodzi."

Kuyambira maliro aja, a Sirkka ankagona ndi piritsi. Usiku umenewo analibisa pansi pa pilo.

Anamva mapaipi otenthetsa nyumba akugogoda m'khoma, kenako galimoto yokankha chipale ikudutsa kutali, kenako zii. Mdima unali wolemera moti ngakhale chitseko sichinkaoneka. Ndiye bedi linapepuka mbali imodzi. Mapazi anayenda m'khonde mosazengereza, mpando unakhwekhwerezeka, kuwala kotuwa kunagwa pakhoma. Tik, tik, tik.

Anawapeza a Reijo atakhala chowongoka, atavala malaya oyera pamwamba pa zogonera, mabatani onse omanga mpaka pakhosi.

"Reijo?"

Anatembenuka ndi nkhope yaulemu, imene munthu amasonyeza mlendo.

"Mwafulumira lero, mayi. Muyambe kukolopa kwinako, kuno ndimaliza posachedwa. Zakalezi timachotsa usiku, anthu asanalowe. Kamodzikamodzi, kuti zikavuta tidziwe pobwerera."

Pagalasi panali dzina la mwana wawo, ndipo chala chinali chitatsala pang'ono kutsika pa batani lofufutira.

"Izi nazo palibe akuzidziwa mwini wake," anatero. "Ilkka. Ali ku dipatimenti iti ameneyu?"

A Sirkka anagwira mutu wa mpando. Anayankha mofatsa.

"Abwana anati zimenezo musazikhudze. Mwini wake ali paulendo."

"Aa, mwachita bwino kundiuza." Anafufuta lamulo limene analemba lija, mauthenga osawakhudza, nazimitsa makina. "Ndinu munthu wabwino inu. Ana muli nawo?"

"Mmodzi."

"Azikusamalani."

A Reijo anabwerera kukagona. A Sirkka anakhala kukhitchini osayatsa nyale mpaka anamva nyuzipepala ikugwa pakhomo.

M'mamawa womwewo Marjut anamva zonse kwa a Sirkka ali chiimire, atafunda gauni. Sanafunse zambiri. Anakopera mawu a Ilkka m'tifulashi tiwiri, kamodzi nakasunga kwake. Analemba nambala ya kuchipatala pakapepala, nakapinda, nakaika m'thumba la juzi ya a Sirkka. Atatero anatsegula kabati yake, natulutsamo katabwa ka memole kakale, kopsa m'mbali.

A Reijo atadzuka anapeza kompyuta ili yotsegula pamimba, Marjut atagwada pambali pake, katabwa kaja kali m'manja.

"Munkanena zoona, a Reijo. Taonani kupsa kwake."

Anakatenga, nakayang'ana pawindo, nkhope yonse ikuwala.

"Wamva, Sirkka? Ndinanena ine! Zaka makumi atatu si masewera. Ana a masiku ano mpaka aone utsi ndiye akhulupirire."

"Unanenadi," anatero a Sirkka, akuthira khofi m'makapu atatu. Wina anatayikira m'sosala.

"Ndiye tayatsa, timve mnyamata wathu," anatero a Reijo. "Ndamusowa bwanji lero."