Makapu Ankasuntha Okha

Anakumana pokwerera matekisi ku Warwick, mvula ya ku Durban ikuwaza. Thobile anali atanyamula mwana wake Zinhle, wa zaka zinayi, pamene mwamuna wina wa ndevu zosapesa anawafunditsa ambulera.

"Ndine Mxolisi, ndimapanga mafilimu oopsa," anatero, ngati alipo anamufunsa.

"A magazi aja? Ine ayi, amandichititsa nseru."

"Magazi ndi a alesi, achemwali! Aliyense atha kudzithira tomato pakhosi. Ine ndimafuna munthu atuluke mu holo akukayikira mutu wake womwe."

Anyamata a mafilimu a mumzinda uno ife timawadziwa, pakamwa uchi, mumtima zii. Thobile sankawadziwa. Mwezi usanathe foni yake inali itadzaza ndi mauthenga a Mxolisi.

"Duwa langa, wadya? Ndakusungira magwinya otentha."

"Iwe ndi Zinhle ndinu moyo wanga. Sindidzakusiyani mpaka imfa."

Ndani sangakopeke? Thobile anamupatsa kiyi wa nyumba yake ku Umbilo. Anamuuzanso chinsinsi chimene sankauza munthu, choti mayi ake anamwalira mutu utasokonekera.

Apa m'pamene zinthu zinayamba kusuntha. Kapu yosiyidwa patebulo ankaipeza kubafa. Chithunzi cha malemu mayi ake chinkatembenukira kukhoma. Tsiku lina nsapato za Zinhle zinapezeka mufiriji.

"Mxo, ndiwe waika izi muno?"

"Ine? Wokondedwa, waika wekha ine ndikuona. Waiwalanso?" Anamupsompsona pachipumi. "Ukachita mantha uzinditumizira uthenga wa mawu. Usamalembe, ndimafuna kumva mawu ako."

Mtsikana wa eni ankatumizadi, akulira.

Lachiwiri lina anatuluka kosamba n'kupeza mbaula ikuyaka, nsalu ili pamwamba pake, Zinhle akusewera pambali. Tsiku lomwelo anapita naye kwa azakhali ake ku Eshowe.

"Azakhali, ndisungireni mwanayu. Ndikuopa manja angawa."

Zinhle anakakamira siketi ya mayi ake mpaka azakhali anachita kumumatula. Panadutsa miyezi isanu Thobile akumwa mapiritsi a kuchipatala, mwana wake akumumvera pa foni basi.

Kenako uthenga unabwera. "Mfumukazi yanga, Loweruka masana akuonetsa filimu yanga. Uvale diresi yofiira ija, ndi tsiku lathu!"

Thobile anaganiza za mphete. Anakakonzetsa ndi zikhadabo zomwe!

Filimuyo inalibedi dontho la magazi. Inali ya mkazi wokhala yekha amene makapu ake ankasuntha. Nsapato mufiriji. Mbaula. Kenako chithunzi chinada bii, ndipo mu holo monse munamveka mawu a mkazi akusisima.

"Ndikupenga ngati amayi! Ndithandize, ndimupha mwana wanga!"

Anali mawu ake enieni, amene anatumiza Lachiwiri la mbaula.

Magetsi atayaka, wopanga filimu anakhala kutsogolo kuti ayankhe mafunso, monga mwa mwambo wawo. Mayi wina wa magalasi aakulu anafunsa komwe anapeza kulira koteroko.

Mxolisi anasisita ndevu zake zija. "Wosewera sangalire chonchi, mayi. Mantha enieni sagulidwa, amalimidwa. Ine ndinawalima miyezi isanu ndi itatu."

Anthu anagwedeza mitu ngati amva nzeru zakuya. Ophunzira athu amenewo!

Thobile anaimirira n'kulanda maikolofoni kwa mayi uja.

"A Mxolisi, mbaula ija munayatsa ndinu?"

"Duwa langa, khala pansi, tikambirana kunyumba."

"Duwa lanu ndani? Yankhani!"

"Ndinali panja pomwepo, palibe chikanachitika. Luso limafuna nsembe, wokondedwa."

"Nsembe yake mwana wanga? Miyezi isanu akugona kwa eni, akundifunsa chomwe anandilakwira! Ndamwa mapiritsi ndili bwinobwino! Ndinkadziopa ndekha, galu iwe!"

Misozi inali chuchuchu.

Kenako wina kumbuyo anaomba m'manja, ndipo holo yonse inatsatira. Ena mpaka anaimirira. Ankayesa kuti nazonso zinali zokonzeratu.

Mxolisi sanadzuke pampando. Anangoweramira kwa mnzake wogwira kamera n'kunong'ona, osadziwa kuti maikolofoni yake ikadali yoyatsa.

"Usazimitse. Yandikira nkhope yakeyo."