Zikhalo Si Wamwano

Dzina langa ndine Alile. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu ndi ku Mphunzi, m'munsi mwa phiri. Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono. Dzina lake ndi Zikhalo.

Zikhalo ali ndi otizimu. Anabadwa choncho. Salankhula mawu ambiri. Sakonda phokoso. Sakonda kuwala kwambiri. Sakonda kugwidwa mwadzidzidzi. Koma amamva zonse zimene anthu amanena.

Sabata ina dzino la Zikhalo linayamba kuwawa. Tsaya lake linatupa. Lolemba sanadye. Lachiwiri sanadye. Lachitatu anangomwa madzi. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha. Ndinkafuna kuti Zikhalo adye.

"Mawa tipita kuchipatala," anatero amayi.

M'mawa kunazizira koopsa. Zikhalo anavala juzi yake yobiriwira. Juziyo ndi yakale. Ili ndi zigamba ziwiri. Koma ndi yofewa, ndipo Zikhalo amaikonda.

Amayi anamuvula juziyo. Anamuveka malaya atsopano a pa Khirisimasi. Malayawo anali olimba ngati thumba la feteleza. Kolala yake inkamukanda m'khosi.

"Amayi, malayawo akumukanda," ndinatero.

"Iwe, kuchipatala sapita ndi sanza," anatero amayi. "Ukufuna anthu atiseke?"

Ndinakwiya. Anthu, anthu! Kodi anthuwo ndiwo akumva dzino? Ndinangotenga juziyo n'kuivala ineyo. Inandithina. Mikono yake inalekeza m'zigongono.

Tinakwera minibasi. Tinafika pachipatala china kuseri kwa mapiri. Tinakhala pabenchi. Pabenchipo panali anthu ambiri.

Bambo wina wachipewa anatambasula dzanja. "Uli bwanji, mnyamata?" anatero.

Zikhalo sanayankhe. Anayang'ana pansi. Anatseka makutu ndi manja.

"Ha! Mwana wamwano uyu," anatero bamboyo. "Mwamusasatitsa, mayi."

"Kapena anamulodza," anatero mayi wina monong'ona.

Amayi anangowerama. Mtima wanga unatentha. Zikhalo si wamwano. Zikhalo sanalodzedwe. Phokoso lamuchulukira, dzino likumuwawa, basi. Koma amati mwana sayankha akulu.

Kenako anatiitana. Tinalowa m'chipinda cha mano. Munali mpando waukulu. Pamwamba pake panali getsi lalikulu. Getsilo linawala, ngwee! Makina ena ankalira osaleka. Adokotala anali atabisa nkhope ndi kansalu.

"Yasamula, mwana wanga," anatero adokotala.

Zikhalo sanayasamule. Anayamba kunjenjemera.

Adokotala anaitana amuna awiri. "Tamugwirani," anatero.

Wina anagwira miyendo. Wina anagwira manja. Amayi anagwira mutu. Akulu atatu, mwana mmodzi! Kodi mlongo wanga ndi mbuzi?

Zikhalo anakuwa. Anaphiriphitha. Anapulumuka n'kulowa pansi pa tebulo. Anadzipinda pakona, akulira.

Adokotala anayang'ana wotchi. "Pepani, mayi," anatero. "Panja pali anthu ambiri. Pitani naye kunyumba. Mudzabwere akadzaphunzira kumvera."

Kunyumba? Ndi dzino lomwelo? Ndi njala yomweyo?

"Ayi!" ndinakuwa. "Sitipita! Zikhalo si wamwano! Inu ndi amene mukumuopseza!"



"Alile!" anatero amayi. Anagwira pakamwa ndi manyazi.

Ndinali ndisanakuwirepo munthu wamkulu. Ndinachita mantha. Koma sindinabweze mawu anga.

Pakhomo panaima mayi wina wamfupi. Anali ndi kope m'manja. Anali atamva kukuwa kwanga.

"Ine ndine Anti Faith," anatero. "Sindichotsa mano. Ndimathandiza anthu kuchita zinthu zimene zimawavuta. Ena akudwala khansa, ndipo kuvala kumawavuta. Ena ndi ana ngati mlongo wakoyu, ndipo mpando uwu umawavuta. Ndikufufuza njira yowathandiza. Ndi nthawi yanji imene mwanayu amakhala phee?"

Amayi anafuna kuyankha. Kenako anandiyang'ana. "Funsani Alile," anatero motsitsa mawu. "Amasewera naye tsiku lonse."

Anti Faith ananjuta patsogolo panga. Maso awo analingana ndi anga. "Tandiuza, Alile. Chikumuvuta n'chiyani?"

Palibe wamkulu anali atandifunsapo choncho. Mawu anangotuluka okha.

"Getsilo likumulasa m'maso," ndinatero.

Anti Faith analemba.

"Makinawo akumuboola m'makutu."

Anti Faith analemba.

"Malayawo akumukanda. Ndipo manja ambiri amamuopsa. Amakonda kukulungidwa ndi chitenje. Chitenje chithine bwinobwino. Koma chitenje, osati manja!"

Anti Faith analemba zonse. Kenako anafunsa, "Nanga amayasamula liti mwa kufuna kwake?"

Ndinaganiza pang'ono. "Kukazizira," ndinatero. "Amauzira mpweya pagalasi. Amati, haaa! Galasilo limachita nkhungu. Ndiye amaseka."

Anti Faith anayang'ana adokotala. Adokotala anakanda mutu. Anavula kansalu kankhope kaja. Ndinaona kuti ndi munthu wotopa chabe.

"Sindinkadziwa," anatero adokotala. "Pepa, Alile. Tiyeni tiyese."

Anazimitsa getsi lalikulu. Anazimitsa makina. Amuna awiri aja anatuluka. Anti Faith anatseka katani. M'chipinda munakhala bata.

Ndinavula juzi ija. Ndinakwawira pansi pa tebulo. Ndinaiika pafupi ndi phazi la Zikhalo. Sindinamugwire. Ndinangodikira.

Tinadikira. Tinadikiranso. Palibe amene anayang'ana wotchi.

Zikhalo anagwira juziyo. Anainunkhiza. Kenako anatuluka yekha. Amayi anamuvula malaya atsopano aja. Anamuveka juzi yake.

Amayi anamasula chitenje chawo. Anti Faith anamuonetsa Zikhalo chitenjecho. Zikhalo anatsitsa manja. Anamukulunga pang'onopang'ono. Chitenje chinathina bwino. Zikhalo anapuma mpweya wautali.

Adokotala anali ndi kagalasi kakang'ono. Kagalasiko kanali pakandodo kachitsulo. Ndi koonera mano. Anandipatsa ine poyamba.

"Taona, Zikhalo," ndinatero. "Haaa!"

Kagalasi kanachita nkhungu. Zikhalo anayang'ana. Ndinakapukuta.

"Haaa!" ndinateronso.

Zikhalo anasendera pafupi. Anayasamula pang'ono. "Haa," anatero.

Kagalasi kanachita nkhungu. Zikhalo anayasamula kwambiri. "Haaa!"

Adokotala anayatsa katochi kakang'ono. Anasuzumira m'kamwa. Sanafulumire.

"Ndaliona," ananong'ona. "Ndi dzino la ubwana. Labowoka. Lero timupatsa mankhwala kuti tsaya liphwe. Lolemba tidzalichotsa."

Anti Faith anajambula zithunzi zinayi papepala. Choyamba chinali mpando. Chachiwiri chinali chitenje. Chachitatu chinali kagalasi. Chachinayi chinali dzino lili m'manja.

"Uzimuonetsa tsiku lililonse," anatero. "Akadziwa zimene zikubwera, mantha amachepa."

Potuluka tinadutsa pabenchi paja. Bambo wachipewa anali pompo.

"Wamvera tsopano?" anafunsa.

Ndinatsegula pakamwa. Koma amayi anandiyambirira.

"Mwana wanga si wamwano, bambo," anatero amayi. "Ali ndi otizimu. Ife ndife tinkalephera kumumvera."

Bamboyo anangokonza chipewa chake.

Kunyumba Zikhalo anamwa mankhwala. Tsaya linayamba kuphwa. Anamwa phala lamadzimadzi pang'ono. Koma kutafuna kunkamukanikabe. Nthiti zake zinkaoneka. Ndikaziona, mtima unkandiwawa.

Tsiku lililonse tinkayang'ana zithunzi. Mpando. Chitenje. Kagalasi. Dzino. Tsiku lililonse tinkati, haaa!

Lolemba tinapitanso. Getsi lalikulu linali lozimitsa kale. Makina anali chete. Anti Faith anatidikira pakhomo.

Zikhalo anakwera yekha pampando. Anamukulunga ndi chitenje. Anati, haaa! Adokotala anaika mankhwala ochititsa dzanzi. Zikhalo analira pang'ono. Kulira si mwano. Ngakhale akulu amalira ndi dzino.

Ine ndinawerenga mokweza. "Chimodzi. Ziwiri. Zitatu."

Dzino linatuluka. Linali laling'ono ngati njere ya chimanga. Kanthu kakang'ono chonchi, mavuto onse aja!

"Mawu ako ndawalemba m'kope, Alile," anatero Anti Faith. "Adzathandiza ana ena. Mwana aliyense ali ndi njira yake. Tiziyamba tafunsa."

Tsiku lotsatira amayi anaphika mbatata ya kachewere. Anaiphika mpaka inafewa. Anaika m'mbale ziwiri, yanga ndi ya Zikhalo. Tinakhala pakhonde, tikuothera dzuwa.

Zikhalo anayang'ana mbatata. Anaigwira ndi chala. Anatenga kachidutswa. Anaika m'kamwa.

Amayi anamuyang'anitsitsa. Inenso ndinamuyang'anitsitsa.

Zikhalo anatafuna. Anameza. Anatenga ina. Anatenganso ina. Mbale yake inatha.

Amayi anapukuta misozi ndi chitenje.

Kenako Zikhalo anayang'ana mbale yanga. Anaikoka. Sanapemphe n'komwe. Anadya mbatata yanga yonse, osandisiyira ngakhale kachidutswa.

Ine Alile ndimakwiya msanga. Aliyense ku Mphunzi amadziwa. Koma tsiku limenelo sindinakwiye.

"Amayi," ndinatero, "mumphika mwatsala ina? Zikhalo sanakhute."