Zilembo za Kumsana

Kabatani anali mwana wa telala. Anali wamfupi. Anali wobulungira. N'chifukwa chake aliyense ankamutchula kuti Kabatani.

Kabatani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti anthu aone ntchito ya bambo ake.

Tsiku la makolo kusukulu linayandikira. Aphunzitsi anasankha ana anayi. Anasankha Kabatani. Anasankha mtsikana wamtali, amene anzake ankamutchula kuti Nsungwi. Anasankhanso mapasa, aja ofanana ngati mazira.

Aphunzitsi anagawa zilembo zinayi. Kabatani anatenga S. Nsungwi anatenga T. Mapasa anatenga O ndi P.

Masewera ake anali otere. Ana anayi aima pamzere. Zilembo zawo zipanga mawu a Chingerezi. Ana asinthana malo. Zilembo zomwezo zipanga mawu ena. Zilembo zinayi basi, osawonjezera, osachotsa.

Aphunzitsi anati zilembozo alemba pa mapepala. Kabatani anaimika dzanja. Anati mapepala amang'ambika. Anati bambo ake akhoza kusoka zilembo pa malaya. Anatinso telala woposa bambo ake sanabadwe. Mwana wa telala sasowa ulusi, sasowanso mawu.

Aphunzitsi anavomera.

Kabatani anathamangira kushopu. Bambo ake anali pa makina. Tepi inali m'khosi. Mapini anali pakamwa. Atamva nkhaniyo, anachotsa mapini aja. Anati ntchito imeneyo kwa iwo ili ngati kumwa madzi. Kodi matimu onse a mpira amawasokera ndani? Manambala amasoka ndi iwo. Mayina amasoka ndi iwo.

Sizasi inadula. Makina analira. Simbi inasita. Malaya anayi oyera, zilembo zinayi zofiira. Bambo anapinda malayawo bwinobwino. Anawaika m'chikwama. Anauza Kabatani kuti asatsegule, malaya angade.

Tsiku linafika. Holo inadzaza. Makolo anakhala pa mabenchi. Amayi ndi bambo a Kabatani anakhala kutsogolo. Bambo ankauza aliyense kuti malaya a lero asoka ndi iwo. Anauza wakumanja. Anauza wakumanzere. Anauza ndi amene sanafunse omwe.

Kuseri kwa chinsalu chotchinga, ana anavala malaya. Nsungwi anayang'ana pachifuwa pake. Panalibe chilembo. Mapasa anayang'anana. Panalibe chilembo. Kabatani anamutembenuza Nsungwi. T uja anali kumsana.

Bambo anali atasoka monga amasokera osewera mpira. Paja nambala ya mpira imakhala kumsana. Manja a telala anagwira ntchito osafunsa mutu.

Aphunzitsi anagwira pakamwa. Mmodzi wa mapasa anati angoima chofulatira. Aphunzitsi anakana. Anati mwana safulatira makolo. Anauza ana kuti avule malayawo, iwo akatenga mapepala.

Kabatani anasuzumira m'holo. Anaona bambo ake akumwetulira. Anali akuuzabe munthu wina. Mtima wa Kabatani unawawa. Ana akatuluka ndi mapepala, bambo ayang'ana kuti?

Kabatani anagwira malaya ake. Malayawo analibe kolala. Analibe mabatani. Khosi lake linali lozungulira basi. Anatulutsa mkono umodzi. Anatulutsa mkono wina. Anazunguliza malayawo. Analowetsanso mikono. S uja anabwera pachifuwa.

"Aphunzitsi, taonani," anatero Kabatani. "Malaya alibe maso. Sadziwa kutsogolo, sadziwa kumbuyo."

Aphunzitsi anayang'ana S uja. Anayang'ana Kabatani. Mapepala anawaiwala.

Nsungwi anazunguliza malaya ake. Mapasa anazunguliza awo. Khosi linkathina pang'ono, koma palibe anadandaula.

Chinsalu chinatseguka. Ana anayi anaima pamzere. Kabatani anali koyambirira. Onse anati STOP. Kabatani anauza makolo kuti mawu amenewo ndiye kuti ima.

Ana anasinthana malo. Kabatani anathamangira kumapeto. Onse anati POTS. Kabatani anati amenewo ndi miphika.

Anasinthananso. Onse anati SPOT. Limenelo ndi banga.

Anasinthananso. Mmodzi wa mapasa anasochera, Nsungwi anamukoka dzanja. Onse anati POST. Imeneyo ndi nsanamira.

Zilembo zinayi zomwezo, mawu anayi osiyana. Makolo anawomba m'manja mpaka manja kutentha. Ena anafunsa kuti malaya okongolawo wasoka ndani.

Koma diso la mkazi wa telala silinamizidwa. Amayi anaona kuti khosi lakwera kutsogolo, latsika kumbuyo. Anawagunda bambo ndi chigongono. Bambo anayang'anitsitsa. Pakamwa pawo panatsekeka, koyamba tsiku limenelo.

Panja, bambo ananjuta pamaso pa Kabatani. Anafunsa kuti nzeru yozunguliza malaya inali ya ndani. Kabatani anadziloza pachifuwa, pa S pomwepo.

"Ababa, zilembo zanu n'zokongola," anatero. "Zinangokhala kolakwika."

"Lero wandisokera chigamba, mwanawe," anatero bambo. "Ndipo chigamba chako sichikuoneka."

Bambo anavula jekete lawo. Analivala chotembenuza, mabatani kumsana. Anapempha Kabatani kuti awamangire. Kabatani anamanga batani lililonse.

Anayamba ulendo wa kunyumba. Malaya a mwana otembenuza. Jekete la bambo lotembenuza. Onse awiri chifuwa patsogolo.

Amayi anati anthu awiriwa sakuwadziwa. Anayenda mofulumira, anawasiya m'mbuyo. Koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

Pokhota msewu, amayi anaima. Anatambasula dzanja osacheuka. Kabatani analigwira. Ndi dzanja lina anagwira bambo ake. Anafika kunyumba ali atatu, pamzere umodzi.