Magetsi a pa Njinga ya Medson

Ku Matawale mu Zomba, aliyense wa njinga yamoto ankadziwa kuti magetsi akavuta, kopita ndi kwa Felista. Shedi yake inali ya malata, kuseri kwa chigayo, ndipo ankagwiramo ntchito ndi a Justus, bambo wachikulire wokonza mainjini. Amuna ambiri ankabwera dala kudzaona ngati mkazi angaitheyedi ntchito ya mawaya. Ankabwerera pakamwa pali gwa, magetsi akuyaka.

Medson anafika m'mawa wina wa mwezi wa June, atanyowa ndi chiperoni, bondo litasupuka.

"Achemwali, ndithandizeni. Ndatsala pang'ono kugunda mayi wosenza nkhuni pokhota paja, kumtunda kwa damu la Mulunguzi. Chifunga chake, ngakhale chala chako chomwe osachiona."

"Mumakatani kuphiri m'mamawa chonchi?"

"Ndine kapitawo wa anthu ocheka matabwa. Ndimakwera tsiku ndi tsiku."

Felista anatulutsa magetsi awiri a LED, achikasu, aja oboola chifunga. Anawamanga pa zitsulo zotchinjiriza miyendo. Waya anaukoka kuchokera ku batire, n'kuudutsitsa pa fyuzi, swichi n'kuiika pafupi ndi chala chachikulu. Analumikizanso kuti kiyi ikazimitsidwa nawonso azime, batire lingathe njinga itaima. Medson anangoti kukamwa yasa, maso ali pa manja a mtsikanayo.

Atatha, Felista anakankhira njinga mumthunzi, n'kuiyang'anitsa kukhoma kumene kunali mzere wa choko.

"Kwerani. Kumbuyoku mumanyamula ndani?"

"Bwanji, mukufuna malo?"

"Ndikufunsa za ntchito, achimwene. Kumbuyo kukalemera, njinga imadzutsa mutu. Kuwala kumakwera m'mwamba, n'kumathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo. Ine ndimachuna magetsi njinga itanyamula zomwe imanyamula masiku onse. Kuwala kusapitirire mzere uwo."

"Palibe amene ndimanyamula," Medson anatero, dzanja lili pachifuwa. "Mpando uwu ukudikira mwini wake."

Felista anaseka. Mawu otero anali atawamva kambirimbiri. Koma bwanji tsiku limenelo sipanala inamupulumuka m'manja kawiri konse?

Madzulo ake foni inalira. "Ndafika bwino. Msewu ndimauona wonse, koma m'maso mwanga munali inu nokha."

"Yang'anani msewu, mungagwere kuphompho," Felista anayankha. Uthengawo sanaufufute.

Chikondi chilibe manyazi, abale. Pasanathe mwezi, "achemwali" uja anasanduka "Feli wanga", "duwa langa", "nyali ya moyo wanga". Medson akamatsika kuphiri ankadzera pa shedi ndi kambale ka masitiroberi, n'kumamudyetsa limodzilimodzi poti manja a Felista amakhala a girisi. A Justus ankangotsokomola, mutu uli mu injini.

Lamlungu lina Medson anabwera ndi chipewa chatsopano cha pa njinga, chofiira.

"Chuna magetsi aja kachiwiri, Feli. Ulendo uno ukhale kumbuyo kwanga."

Felista anakwera, a Justus n'kugwira sipanala. Kuwala kunali kutadumpha mzere pang'ono, ndipo anakutsitsa mpaka kunakhala pamalo pake.

"Waona?" Medson ananong'ona. "Magetsi awa tsopano akudziwa thupi lako. Mpando uwu ndi wako wekha, mpaka ndidzakalambe ndilephere kuponda giya."

Tsiku lomwelo anakwera limodzi kuphiri. Fungo la mitengo ya paini, mphepo yozizira, tauni yonse ya Zomba ili pansi pawo. Felista anamugwira m'chiuno mwamphamvu, ndipo anadziwa kuti wagwa m'chikondi, wagweratu.

Chimodzi chokha chinkamudabwitsa. Kunyumba kwa Medson ku Zakazaka anali asanapondeko.

"Eni nyumba ndi akulu a mpingo, duwa langa. Mkazi wosakwatira naye safuna kumuona pakhomo. Tilongosole kaye zonse, udzalowa masana dzuwa likuswa mtengo."

Felista sanali munthu wozengereza. Anawaimbira amalume ake a ku Jali, amene anamulera bambo ake atamwalira, ndipo anagwirizana kuti Medson akaonekere Loweruka lomaliza la September. Amalumewo anali asanamvepo dzina la mwamuna aliyense kuchokera pakamwa pa Felista. Uyu anali woyamba.

Kutatsala masabata awiri, Medson anabwera nkhope ili yakugwa.

"Magetsi ako andidanitsa ndi anthu, Feli. Ndikamakwera m'mawa, a malole otsika ndi matabwa akumanditukwana. Akuti ndikuwathobwa m'maso."

Felista anagwada, n'kuyesa mabawuti onse. Anali olimba ngati tsiku lomwe anawamanga. Anakwera kumbuyo kwa Medson, a Justus n'kuyatsa. Kuwala kunagwera pamzere ndendende.

"Ntchito yanga ilibe vuto. Ukunyamula chiyani cholemera kuposa ine?"

"Aa, thumba la mbatatesi basi. Ndimathandiza mnzanga."

"Mbatatesi zimalimidwa kuphiri, Medson. Zimatsika, sizikwera."

Medson anaseka kwambiri, kuseka kopitirira muyeso. "Ndi mbewu, nyali yanga. Nsanje mpaka ndi thumba lomwe?"

"Ubwere nalo thumbalo, ndichune lili pomwepo."

Thumba silinabwere. Mauthenga okha ndiwo ankabwera ngati mvula. "Loweruka lija likuchedwa bwanji, mkazi wanga wam'tsogolo?" Felista ankawerenga, n'kumadziuza kuti mwamuna wofunitsitsa kukaonana ndi amalume sangakhale wabodza. Kodi si mmene timadzinamizira tonse?

Lachitatu lililonse Felista ankapita ku Limbe kukagula zipangizo, ndipo Medson ankalidziwa bwino tsikulo. Koma Lachitatu la sabata yomaliza sanapite, chifukwa anafuna kukayesa diresi lake kwa telala. Anali kuseri kwa shedi akusamba m'manja pamene anamva kulira kwa njinga imene ankaidziwa ngakhale ali m'tulo.

"A Justus, chonde, tsitsani magetsiwa msangamsanga," anamva mawu a Medson. "Tikufulumira."

"Za magetsi si zanga," a Justus anayankha mosatekeseka. "Mwini wake alipo."

Felista anatulukira akupukuta m'manja. Pambali pa njinga panaima mayi woyembekezera, wa nkhope yofatsa, atagwira dzanja kamtsikana ka zaka ngati zitatu. M'dzanja linalo munali chipewa chofiira chija.

"Ndinu amene munaika magetsiwa?" mayiyo anafunsa mwaulemu. "Pepani, ndawakakamiza ndine bambo a Ellen kuti tibwere. Lero lole inatsala pang'ono kutigunda. Dalaivala anachita kutsika, akuti sanaone kanthu chifukwa cha magetsi athu. Mwanayu mpaka pano akunjenjemera."

Bambo a Ellen. Mawu atatu okha, koma Felista anamva ngati wagwira waya wamoto. Anayang'ana Medson. Medson anayang'ana tayala.

"Mumakwera nawo tsiku ndi tsiku, mayi?"

"Chibwerereni changa. Ndinali kumudzi ku Mayaka miyezi inayi, kudwazika mayi anga. Pano ndayambiranso geni yanga ya zipatso mumsewu wa kuphiri."

Mtima wa Felista unawawa, unawawa zedi. Anafuna kukuwa. Anafuna kuzula mawaya onse amene anawaluka ndi manja ake, n'kumuponyera kumaso. Koma kamtsikana kaja kanali kakumuyang'ana, chala chili m'kamwa, ndipo mawa lake kadzakweranso phiri lomwelo m'chifunga chomwecho.

Anatola sipanala.

"Kwerani nonse, mmene mumakhalira."

"Feli... achemwali, tikhoza kubwera tsiku lina," Medson anachita chibwibwi.

"Ndati kwerani."

Anakwera mozolowera, mwana pakati, mayi kumbuyo, dengu lawo pa keriyala. Felista anayatsa. Kuwala kunakagunda pafupi ndi denga, kutali ndi mzere. Anamasula bawuti, n'kutsitsa getsi lakumanzere, kenako lakumanja, pang'onopang'ono, mpaka onse awiri anagona pansi pa choko. Anamanga mwamphamvu.

"Basi. Simudzathobwanso munthu."

"Zikomo kwambiri," mayi a Ellen anatero. "Koma chinalakwika n'chiyani poyamba?"

Medson anamuyang'ana Felista ndi maso opempha. Maso omwe aja, a masitiroberi.

"Palibe chinalakwika, mayi. Magetsi awa anachunidwa ine nditakhala pamene mwakhala inupo, nditavala chipewa chomwe chili m'manja mwanucho. Anandiuza kuti alibe mkazi. Loweruka likubwerali amayenera kukaonekera kwa amalume anga ku Jali. Mukafuna mauthenga awo, foni ndi iyi."

Mayi a Ellen anatsika pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba, n'kutsitsa mwana wawo. Foni sanailandire. Anaika chipewa pansi, pafupi ndi mapazi a mwamuna wawo.

"N'chifukwa chake mumati ndisafulumire kubwerera, eti bambo a Ellen?"

"Mayi a Ellen, tamverani. Feli, iwenso tandimvera. Ndinasokonezeka, mtima wanga..."

"Mtima wanuwo mukaufotokozere kwa ankhoswe," mkazi wake anamudula. Anabereka mwana ngakhale anali ndi pakati, n'kuyang'ana Felista nthawi yaitali. Sanamutukwane, sanamuthokoze. Anangotembenuka, n'kulunjika kumsewu wa minibasi.

Medson anatsala pa njinga yekha, magetsi akuyakabe masanasana.

"Nyali yanga..."

"Chotsani njinga yanu, bambo a Ellen. Pali anthu akudikira."

Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, koma a Justus anaimirira ali ndi chitsulo chochotsera matayala m'manja, ndipo Medson anaona kuti kuli bwino anyamuke.

Kulira kwa njinga kutazimiririka, Felista anaponya sipanala pansi. Anakhala pa tayala lakale n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, kumene anali asanalirepo chimwalirireni bambo ake. A Justus anatseka chitseko cha shedi, n'kukakhala panja kuti wina asalowe.

Misozi itaphwa anatenga foni. Chinthu chovuta kwambiri chinali chisanachitike.

"Amalume, ndine Felista. Loweruka ndibwera ndekha."

"Nanga mlendo wathu? Azakhali ako akolopa kale nyumba yonse."

"Ali ndi mkazi, amalume. Ndi mwana. Wina ali m'njira. Ndawaona lero ndi maso angawa."



"Wadziwa wekha, kapena wachita kuuzidwa?"

"Ndekha. Ndipo ndamuuza mkazi wake pamaso pake."

Amalume anapuma mozama. "Ndiye palibe chochititsa manyazi, mwana wanga. Bwera Loweruka lomwelo, uvale diresi lako latsopanolo. Tambala tinasunga uja tidya tokha."