Kamera Yoyamba ndi Odi

Pa mlatho waukulu wa mumzinda wa Istanbul, dzuwa litangokwera pang'ono, a Nangondo anatsekula chikwama chawo cha m'manja ndipo munatuluka kanthu konga mpheta. Kanakupiza timapiko take tagalasi n'kuima m'malere, kadiso kake kamodzi kakuphethira.

"Jambula msanga," anatero a Nangondo akukonza duku. "Sitima yoyera ija ikudutsa kumbuyo kwangaku. Ioneke yonse. Changu!"

Kanthuko sikanajambule. Kanatembenuka n'kuulukira kwa bambo wina wachikulire amene ankawedza nsomba chapomwepo.

"Odi! Odi kuno!" kanatero mofatsa, kenaka n'kupitiriza m'chilankhulo cha eni dziko.

A Nangondo anagwira m'chiuno. "Mayo ine, kayambanso."

Chinali chaka cha 2081. Makompyuta anali atachenjera koopsa, moti munthu ankatha kukhala pakhonde pake n'kupanga chithunzi chomuonetsa ali pamwezi akukukuta chimanga. Zithunzi zabodza zitachuluka, maiko anagwirizana lamulo lakuti munthu asaoneke m'chithunzi cha mnzake asanalole. Makamera akunja anapeza njira yachidule: ankangofufuta aliyense wachilendo, n'kutsala mwini kamera yekha. Koma ana athu a ku Zomba, amene mitu yawo imagwira kuposa ya wina aliyense, anakana. Anati munthu safufutidwa, amapatsidwa moni. Ndiye anapanga kamera youluka yodziwa zilankhulo mazana awiri, n'kuiphunzitsa mwambo wakwathu. Dzina lake la m'mabuku linali lalitali, koma aliyense ankangoti Kaodi.

Kachipangizo ka m'khutu kanayamba kuwamasulira a Nangondo zimene zinkakambidwa.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Nanga kunyumba adzuka bwanji? Ine ndine Kaodi, ndayenda ndi mayi Velenasi Mtambalika, a Nangondo, ochokera ku Mponela m'dziko la Malawi. Akufuna kujambulitsa pano, koma inu mukuoneka nawo. Mutilola, kapena tisendere kwina?"

Bamboyo anatsala pang'ono kugwetsa mbedza. "Zaka khumi ndi ziwiri ndikuwedza pamlatho uno, makamera akungondifufuta ngati banga pa nsalu. Lero wina wandifunsa za kunyumba?" Anati dzina lake ndi Nuri, ndipo kunyumbako kunalibe woti n'kudzuka, poti mkazi wake anamwalira chaka chatha.

Tsono a Nangondo ndi munthu woleredwa. Anafika Fomu 4, inde, Chingerezi amachidziwa, koma sangamve za maliro iwo n'kumapitiriza kumwetulira kamera. Anayandikira, anapinda mawondo pang'ono.

"Pepani bambo, pepani kwambiri. Anadwala nthawi yaitali?"

Nkhani inakula. Kunabwera tiyi m'timatambula tating'ono ngati ta mankhwala. Pamene Kaodi kanati "Tsopano ndijambula," sitima yoyera inali itapita kalekale. M'chithunzimo munali a Nangondo atagwira ndodo ya mbedza, kansomba kakuphiriphitha, ndi a Nuri akuseka mpaka kuonetsa usinini. Chithunzi chimodzi m'mawa wonse.

Ndipo ulendowu sunali wamasewera. Chaka cham'mbuyo mwake alamu awo, a Ethelo, mlongo wa amuna awo, amene nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda, anapita kunja ndi kamera yakunja n'kubwera ndi zithunzi mazana asanu ndi limodzi. Ku kalabu ya amayi osoka anthu sanapumenso. Ulusi ukaduka, a Ethelo ankati, "Kunja ulusi suduka chonchi." Tsiku lina a Nangondo zinawakwana.

"Alamu, ine ndikapita ndidzabwera ndi zithunzi chikwi. Ndipo ndidzajambula ndi kamera yakwathu konkuno."

"Ayi, zikomo," anatero a Ethelo akusisita kagalu kawo katsopano. "Kagaluka kalibe dzina. Ndikudikirirani. Mukalephera kundiposa, dzina lake ndi Munakataniko."

Amayi onse anafa nazo. Aliyense amadziwa kuti dzina la galu ndi kalata yopita kwa aneba. M'mawa uliwonse, kwa zaka khumi kapena kuposa, a Nangondo azidzamva kuseri kwa mpanda: "Munakataniko! Munakataniko, bwera udye!" Tsiku loonetsa zithunzi linakhazikitsidwa pomwepo: Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, pakhomo pa a Nangondo.

Nchifukwa chake, asanachoke pamlatho paja, a Nangondo anakagwira Kaodi m'manja n'kukayang'ana m'diso.

"Tamvera iwe. Moni usiye. Uzingojambula."

"Mayi, sindingathe. Kujambula munthu osamupatsa moni kuli ngati kulowa m'nyumba mwake kudzera pawindo."

"Ndani anakulera iwe?"

"Anthu onga inu nomwe, mayi."

A Nangondo anakamasula m'manja. Mokwiya anachotsa kachipangizo ka m'khutu kaja n'kukaponya m'chikwama. Choncho sanamve zimene Kaodi kanauza a Nuri potsazika. Anangoona bamboyo wagwira pamtima, wafunsa kanthu, kenaka walemba pafoni yake.

"Wawauza chiyani?"

"Ndangotsazika, mayi, monga timatsazikira kwathu."

Ku Lisbon zinali chimodzimodzi. A Nangondo anafuna kujambulitsa pa kamsewu kotsetsereka ka nyumba zachikasu, koma pakhonde lam'mwamba panali mayi wina, dzina lake Ameliya, akuyanika zovala. Kaodi kanakwera komweko kukapereka odi. Mapeto ake a Nangondo anapezeka m'khitchini mwa eni ake akuwaphunzitsa kumanga duku, tsiku n'kuthera pomwepo.

Apo ndiye anaganiza zanzeru. Anakwera ndege yamagetsi kupita ku mapiri a dziko la Georgia, kumene pamwamba pake pamakhala chipale chofewa ngakhale m'chilimwe. Anakwera mpaka pamalo popanda nyumba, popanda msewu, popanda ngakhale khwangwala. Anaima pamwala, chitenje chawo chobiriwira chikuwala pakati pa mapiri oyera mbee.

"Pano upatsa moni ndani? Jambula!"

Kaodi kanazungulira kawiri. "Mayi, udzu uwu ndi wodyedwa. Malo ano ali ndi mwini wake. Ndidikireni."

Kanauluka n'kuzimirira kuseri kwa chitunda. Patapita theka la ola kanabwera kakutsogolera nkhosa mazana awiri ndi mbusa wake, mayi wamtali wamasaya ofiira, dzina lake Tamari. A Nangondo anaseka mpaka misozi, mwina chifukwa cha kuzizira. Tsiku limenelo anadya tchizi chowawasa, anakama nkhosa, ndipo anaimba nyimbo ya kwaya pamwamba pa phiri, mawu awo akubwerera kuchokera kutsidya. Kunena zoona, moyo wawo wonse sanasangalalepo choncho. Koma ali m'ndege yobwerera kwawo anawerenga zithunzi, mtima unagwa. Masabata atatu, maiko asanu, zithunzi zisanu ndi zinayi.

Loweruka lija linafika. Amayi makumi awiri anakhala pa mikeka pansi pa mtengo wa mapeyala. Amuna awo a Nangondo, a Mtambalika, ananamizira kukonza njinga chapatali kuti amve zonse. A Ethelo anabwera ndi kagalu kawo m'manja, katavekedwa riboni.

Oyamba anali a Ethelo. Kamera yawo inaponya zithunzi m'malere, zazikulu ngati chitseko. A Ethelo pa nsanja. A Ethelo pa mlatho. A Ethelo pakati pa msika waukulu, okha, mabenchi odzaza zipatso koma opanda wogulitsa. Pofika chithunzi cha zana, a Nasibeko, amene ankasoka mabatani ndipo sankabisa mawu, anakweza mutu.

"Kodi a Ethelo, kumeneko kunagwa mliri? Anthu ake anapita kuti?"

"Ndi mmene amajambulira kunja, mayi. Anthu amadetsa chithunzi."

Kenaka inafika nthawi ya a Nangondo. Anaimirira mutu uli m'mwamba, poti munthu ngakhale ukugwa uzigwa utavala bwino. Kaodi kanaonetsa zithunzi zake. Mbedza ndi a Nuri. Duku pamutu pa Ameliya. Nkhosa. Sipanathe mphindi zitatu.

"Kwatha?" anafunsa a Ethelo mokoma ngati uchi. "Alamu, mwina zina zatsalira m'chikwama? Tafufuzani bwino." Ananyamula kagalu kaja m'mwamba kuti onse akaone. "Amayi, ndinu mboni. Kuyambira lero kagaluka dzina lake ndi Muna..."

"Odi!"

Mawuwo anachokera kugeti, ndipo lilime lake silinali lakuno. Onse anatembenuka. Panja panali pataima minibasi yodziyendetsa yokha, ndipo pageti panali bambo wachikulire wotsimphina, atanyamula bokosi la maswiti ndi ndodo ya mbedza.

"Odi! Odi kuno!" anabwerezanso a Nuri, monyadira kuti sanaiwale.

Kumbuyo kwawo kunatsika Ameliya, atamanga duku lopendekera ngati chisa cha njiwa. Kunatsika Tamari atasenza tchizi chachikulu ngati gudumu la wilibala. Kunatsikanso ena, onse a m'zithunzi zija, wina ndi mkazi wake, wina ndi apongozi ake. Anthu khumi ndi anayi.

A Nangondo anakodola Kaodi n'kunong'ona, mano ali gwa.

"Iwe, unawauza chiyani anthuwa?"

"Zimene inu mumauza mlendo aliyense, mayi. Ndinati pakhomo pathu m'potsekula, mudzatichezere."

"Amenewo ndi mawu otsazikira chabe! Munthu amangoyankha kuti zikomo, basi!"

"Iwowa anafunsa kuti tibwere liti. Ndinayang'ana pa kalendala yanu, ndinaona kuti lero mukhala pakhomo ndi anzanu onse. Ndalakwitsa, mayi?"

"Agona kuti? Adya chiyani?"

Koma akufunsa choncho, amayi anali atadzuka kale. Nthungululu inalira. Wina anathamangira kwawo kukatenga thobwa, wina mpunga, wina mipando. A Mtambalika anasiya njinga ili chagada n'kuyamba kuthamangitsa tambala, akufuula kuti, "Amake Mwatitha, tiphe angati?" A Nasibeko anagwira dzanja la a Nuri ndi manja awiri, n'kuyang'ana chithunzi chimene chinali chikadali m'malere, n'kuyang'ananso munthuyo.

"Ndi yemweyu! Amayi, chithunzi chatsika chikuyenda!" Kenaka anatembenukira kwa a Ethelo. "Nanga anu aja afika liti?"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Apa a Nangondo mphamvu zinabwerera. Anakonza chitenje, anaika kachipangizo kaja m'khutu, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kugeti ngati mwini ndege.

"Lowani, lowani, takulandirani. Ndinadziwa kuti mubwera." Ndipo podutsa pafupi ndi alamu awo anawonjeza chapansipansi, "Ine zithunzi zanga sindinyamula m'chikwama, alamu. Zimabwera zokha pa minibasi."

A Ethelo anaima kakasi, kagalu kali m'manja. Tamari ndiye anawayandikira, anakasisita kumutu, n'kufunsa kudzera mwa Kaodi kuti dzina lake ndani. A Ethelo anayang'ana alendowo, anayang'ana alamu awo, akuyesetsa kubisa kumwetulira.

"Dzina lake ndi Takulandirani," anatero. "Ndipo alamu, musadzitame kwambiri. Nyumba yanu ili ndi zipinda zitatu zokha. Amayi awa ndi tchizi chawochi akagona kwanga."

Alendowo anakhala masiku khumi. A Nuri anaphunzitsa a Mtambalika kuwedza padamu, ngakhale sanaphe kanthu. Ameliya analowa kalabu yosoka. Nkhuku za pakhomopo zinatha zonse, ndipo a Nangondo amaiwerenga nkhani imeneyi mpaka lero ngati mendulo. Pa tsiku lotsazikana anafuna chithunzi cha onse pamodzi, alendo ndi eni mudzi. Chinatenga maola awiri, chifukwa Kaodi kanayenera kupatsa moni aliyense ndi kufunsa za kunyumba. Palibe anadandaula. Kenaka a Nangondo anaona kakuulukira kwa a Nuri kuti katsazike, ndipo a Nuri atagwira kale pamtima, nawonso akunena kanthu kwa amayi onse makumi awiri.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Nasibeko.

"Akuti pakhomo pawo m'potsekula, mudzawachezere," kanayankha Kaodi.

A Nasibeko anapukuta manja pachitenje. "Afunse kuti tibwere liti."

Tsopano m'mawa uliwonse kuseri kwa mpanda kumamveka mawu a a Ethelo akuitana, "Takulandirani! Takulandirani!" ndipo odutsa mumsewu ena amakhotera pomwepo, poyesa kuti akunena iwo. A Nangondo amamwa tiyi wawo pakhonde, zithunzi khumi zili pakhoma, Kaodi katatera paphewa. Anayenda maiko asanu, koma anazindikirira pakhomo pawo pomwe kuti dziko limene walipatsa moni silikhalanso kutali.