Lole ya Bernard Ikana Kupatuka

Christobel anakumana ndi Bernard pamsewu wochokera ku Luveve, m'mphepete mwa Makokoba kumene mtsikanayo ankakhala, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija ndege zinkangolira kumwamba tsiku lonse. Anali atasenza mtolo wa zochapa za azungu, moti belu la ambulansi sanalimve. Msewu umenewo, ana inu, ndi woopsa nthawi yoweruka! Njinga piringupiringu, ngolo za abulu, malole a njerwa, zonse kulimbirana njira imodzi.

Lole ina inapatukira pambali, woyendetsa anadumpha n'kumukoka dzanja. Ambulansi ija inangoti fyuu!

"Chemwali, mukufuna akunyamuleni limodzi ndi wodwalayo?" anatero mnyamatayo akuseka.

Christobel anangoti kakasi. Chinyanja! Kuno ku Bulawayo, kumene pampopi pomwe amangomva Chindebele chokhachokha!

"Ndinu a kwathu?"

"Wa ku Ntcheu weniweni. Ndine Bernard. Belu lija likalira aliyense amapatuka, chemwali. M'menemo mumakhala moyo wa munthu."

Mtsikanayu analibe mnzake. Mayi ake atamwalira ku Dedza, amalume ake anamubweretsa kuno, koma iwo anali khukhi kumayadi, ankagona komweko n'kumabwera Lamulungu lokha. Madzulo Christobel ankadya yekha, n'kumamvetsera eni dziko akuseka kuseri kwa khoma. Mtima wosungulumwa suchedwa kutsegula chitseko. Chenjerani nazo!

Kuyambira pamenepo, Bernard akamadutsa ankaliza hutala, mtsikana n'kusiya zochapa m'beseni.

"Duwa langa, sithandwa sami, wokondedwa wanga! Ndikakuona, lole imayenda yokha."

"Bodza, a Bernard. Mumawauza onse zomwezo."

"Onse ati? Ine ndimagona kukomponi ya amuna okhaokha. Kumeneko ngakhale nkhuku yathadzi amaibweza pageti."

Christobel anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anali atatha miyezi osaseka.

"Nanga kwa amalume mudzafika liti?"

"Ankhoswe anga ali kumudzi. Nkhondo ikangotha, sitima zikapeza malo, abwera. Ndikulonjeza, Christobel, iwe ndiwe woyamba, ndiwenso womaliza."

Mwana wa eni anayamba kuluka nsalu za patebulo za m'nyumba yake ya mtsogolo. Koma mwamuna wosakuonetsa khomo limene amagona, mumamukhulupirira bwanji?

Loweruka lina masana Bernard anati akajambulitse m'tauni, chithunzi achitumize kumudzi. Christobel anavala diresi la kutchalitchi ndi nsapato zomuthina, n'kukhala kutsogolo kwa lole ngati dona. Msewu unali wodzaza, ndipo pena anali atakumba ngalande za mipope, njira n'kuchepa.

Kumbuyo kunamveka belu. Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Apanjinga anatsika. Angolo anakokera abulu awo m'udzu. Abambo ena anavula zipewa. Bernard anasuzumira pakalilole wa m'mbali, nkhope yake n'kusintha. M'malo mopatuka, anakhazikika pakatikati pa msewu.

"A Bernard, belu!"

"Ndamva."

"Patukani nanga!"

"Werama, Christobel. Bisa mutu pansipo!"

"Ndibisale chifukwa chiyani? Ndaba chiyani ine?"

Kutsogolo kunali ngolo ya ng'ombe yodzaza nkhuni, choncho lole sikanatha kuthamanga, komanso Bernard sankafuna kuipatutsa. Inkangokwawa, ambulansi ikulira kumbuyo kwake ngati mwana wotsekeredwa panja.

"Suka endleleni, wena!" anthu ankakuwa m'Chindebele kuti achoke panjira, ena akumenya lole ndi zibakera.

"Mwapenga kodi? Muli munthu m'menemo!" Christobel analira. Thukuta linali kamukamu pamphumi pa Bernard, koma manja anawaumitsa pachiwongolero.

Mtsikanayo anagwira chiwongolero ndi manja awiri n'kukokera kumanzere. Lole inapendekeka, tayala linagwera m'ngalande, injini n'kuzima. Mpata unatseguka.

Ambulansi inafika pambali pawo, ikudikira kuti ngolo ija ichoke. Pazenera pake panali mayi wina, duku litagwa, maso ali psuu.

"Bambo a Ethel! Ndinu? Ndinu amene mukutitsekera njira? Ethel wagwera m'madzi owira, sakulankhula!"

Kenako mayiyo anaona Christobel, diresi lake, mpando umene anakhalapo. Sanamutukwane. Anangomuyang'ana, n'kubweza mutu m'kati.

Apo m'pamene mtsikana anamvetsa. Kukomponi kuja kunali ku Luveve, kwa mkazi ndi mwana. Bernard anali atamuona mkazi wake pakalilole, ndipo anadziwa kuti ambulansi ikadutsa pambali, chinsinsi chaululika. Ndiye anatseka njira! Mayo ine, munthu angachedwetse wodwala wa pakhomo pake pofuna kubisa chibwenzi?

"A Bernard," anatero Christobel, "mundiuze kuti si zoona."

Bernard anali atadumpha kale. Anathamangira ambulansi, anakakamira chitseko chakumbuyo, ndipo inapita naye. Sanacheuke.

Msewu unayambanso kuyenda, koma lole inali itatseka theka lake. Angolo ankatukwana, apanjinga akuliza mabelu. Bambo wina wachikulire, wa kwathu komwe, anaima pazenera atagwira njinga yake.

"Pepani mayi, amuna anu asiya lole poipa. Abwera nthawi yanji?"

"Si amuna anga, bambo."

"Nanga ndi ndani wanu?"

Christobel anatsegula chitseko cha lole. Anatsika, anavula nsapato zija n'kuzigwira m'manja, n'kuyamba kubwerera ku Makokoba mosemphana ndi khamu lonse. Palibe anamufunsa chimene ankalirira. Belu linkamvekabe kutali cha kutauni, ndipo iye ankangonong'ona yekha: "Ambuye, afike naye wamoyo. Afike naye wamoyo."